Dzina la Towera Pagalasi

Dzuwa litalowa, NyaShaba analondola mwana wawo Yotamu ku ofesi pa Boma, kumene ankalimbana ndi kompyuta yosunga mayina a alimi.

"Makinawa amasesa okha dzina limene palibe akuligwira, amama. Ndawaimitsa kuti ndisuzumire mkati, koma la Towera silikuchoka. Mwina poti tikuliyang'ana."

Towera, wachiwiri mwa ana awo asanu, anamwalira m'dzinja. Dzina lake linkanyezimira pagalasi la kompyutayo, lobiriwira, ngati likupuma.

"Mbwenu, basi tsinzina, tizipita. Ndasiya nyemba pamoto."

Anatsinzina onse awiri. Tsache linamveka likudutsa pang'onopang'ono pasimenti, chonsecho wosesa anali ataweruka kalekale.

Panjira NyaShaba anamva mtima uli pepuu. Anawerenga ana awo pazala, anayi, ndipo panalibe wosowa.