Tiima Pobwerera

Panali mayi wina wophika makeke amene ankakhala ndi bambo ake okalamba. Pa unyamata wawo bambowo anali mmisiri womanga, ndipo anagwira nawo ntchito nthawi imene msewu wodutsa pamwamba pa phiri unkapangidwa. Khoma lamiyala lotchinga kuphompho, pa kona yomaliza munthu asanafike pamwamba, analimanga ndi manja awo. Nkhani ya khomali ankaibwereza moti mwamuna wa mayiyo ankatha kuimaliza yekha apongozi ake akangoiyamba. Koma panali patatha zaka makumi anayi asanalionenso.

Tsiku lina mayiyo analandira oda ya keke ya ukwati, yosanja katatu, yoti akaipereke kutauni ya kuseri kwa phirilo. Bambo ake atamva anafunsa motsitsa mawu, "Mwanangu, m'galimotomo malo angapezeke? Ine sindilemera."

Mwamuna wake anamulangiza kuti, "Mulawirire, amayi. Mukafike pamwamba nthawi ikadalipo, madala akaone khoma lawo."

Koma m'mawa wa tsiku la ukwatilo maluwa a pakeke sanamusangalatse mayiyo. Anawachotsa n'kuyambiranso, ndipo ponyamuka dzuwa linali litakwera kale. Bambo ake anali atadikira pakhonde maola atatu, atavala jekete lawo labwino, nsapato zopolisha, chipewa chili pabondo.

Kunja kunacha bwino tsiku limenelo. Msewu unkakwera mokhotakhota, chigwa chikutambasuka kumunsi, nyumba zikucheperachepera mpaka madenga ankangophethira patali. Penapake mitambo inatsala m'munsi mwawo. Bambo aja anatsitsa galasi.

"Apa ndi pamene tinkaphikira tiyi. Kuseri kwa mwala uwo kuli kasupe, madzi ake ozizira mpaka mano kuwawa. Amako ankandibweretsera chakudya mpaka pamtengo uwo, iwe uli kumsana."

"Eya, bambo," mayiyo ankangoyankha choncho, maso ali pagalasi loonera kumbuyo komwe kunali keke. Krimu anali atayamba kufewa. Wokonza phwando anali ataimba kale foni kanayi. Pokwerapo anavutikanso kudutsa lole ina yoyenda pang'onopang'ono.

Atafika pa kona ija, bambo ake anagwira chitseko.

"Ndi ili. Taima pang'ono, ndingoligwira."

"Bambo, tikaima lole taidutsa movutikira ija itipitiriranso. Tiima pobwerera."

Nkhalambayo inachotsa dzanja pachitseko. Inatembenuza khosi n'kumaliyang'ana khomalo mpaka linabisika.

"Palibe kanthu. Likadalipo, ndaliona."

Keke inafika bwinobwino, anthu anaiyamikira. Pofuna kubwerera mayiyo anali atatheratu, msana ukuwawa. Mlonda wa paholo anamuuza kuti, "Mukuvutikiranji ndi phiri, mayi? Dzerani msewu wakumunsi, ndi wowongoka." Mayiyo anayang'ana bambo ake, n'kuona kuti akusinza pampando. Anakhotera kumunsi.

Bambo aja anadzidzimuka ali m'chigwa, phiri likuoneka chapatali kudzanja lamanzere.

"Tadutsa kale pamwamba?"

"Talizungulira, bambo. Tidzapita Loweruka lina, mwapadera, popanda keke."

Bambo aja anangovala chipewa chawo n'kumayang'ana phirilo.

Koma kwa wophika makeke Loweruka ndiye tsiku la ntchito. Mwezi unatha, wina unatha, chaka chinatha. Kenako bambo aja anayamba kuiwala. Poyamba ankasowa magalasi ali nawo kumaso, anthu n'kumaseka. Tsiku lina anasochera pamsewu wa kunyumba kwawo komwe. Tsiku lina anamufunsa mwana wawoyo ngati ali nesi. Dokotala ananena mosabisa kuti matenda oiwalawa sabwerera m'mbuyo.

Nkhani ya khoma inatha m'nyumbamo. Mayiyo, amene kale ankathawira kukhitchini ikayamba, tsopano ankailakalaka. Ankaiputa yekha ali patebulo: "Bambo, paja miyala ija munkaikweza bwanji?" Iwo ankangomwetulira mwaulemu, ngati akufunsidwa ndi mlendo.

Loweruka lina anakana maoda onse, anatseka shopu, n'kuwakweza bambo ake m'galimoto. Ulendo uno ndi iye amene ankaloza. "Apa munkaphikira tiyi. Uko kuli kasupe." Bambo ake ankangogwedeza mutu.

Pa kona ija anaimitsa galimoto, n'kuwagwira mkono potsika. Mphepo inali yozizira, chigwa chonse chili mbee kumunsi. Nkhalambayo inayenda pang'onopang'ono mpaka pakhoma. Inayendetsa chala m'mizere ya pakati pa miyala, inagogoda mwala umodzi ndi nkhonya, kenako inatsinzina diso limodzi kuona ngati khomalo lili lowongoka.

"Ntchito yabwino iyi. Simenti sanabe apa. Amene anamanga ankaidziwa ntchito. Kodi alipo?"

"Alipo, bambo."

"Mukadzakumana naye mudzandiperekere moni."

"Ndidzapereka."

Mayiyo anatembenukira kuchigwa kuti bambo ake asamuone akulira. Anakhala pamenepo mpaka dzuwa litapendeka, ndipo palibe amene anafulumiza mnzake. Akuti mpaka pano mayiyo amawatengerako kamodzi pamwezi, n'kumadikira kuti mwina tsiku lina adzanena kuti, "Ndinamanga ndine." Sananenebe.

Phunziro: Kholo lako likapempha mphindi zisanu, lipatse lero, osati pobwerera. Ntchito idzabweranso mawa, koma munthu amene wakhala pambali pako sudziwa kuti adzakhala yemweyo mpaka liti. Tumiza nkhaniyi kwa amene makolo awo akadali moyo, kenako uwaimbire ako.