Thuza la pa Tsaya la Enid

"Iyi si nthomba, mayi," anatero adokotala a pachipatala cha mishoni atapenda tsaya la Enid pafupi ndi zenera. "Ndi thuza la katemera. Lipola lokha, ndipo diso silinakhudzidwe."

Amayi ake a Enid mtima unakhala pansi, koma nkhope inachita makwinya.

"Katemera? Mwanayu sanalandire. Tsiku limene galimoto ya boma inabwera, tonse tinali kumaliro ku Katuli."

"Sizichitikachitika, komabe zimatheka. Khungu likakhudzana ndi bala la munthu amene walandira kumene, limatengera." Adokotala anagwira phewa lawo lamanzere. "Balalo limakhala apa. Mmene tsaya lingafikire apa, zimenezo sitinaphunzire kusukulu."

Enid anawerama, makutu akutentha. Pakhonde panali anyamata amene analandira katemera sabata yatha, akudikira kuonetsa mabala awo. Wachitatu pabenchi anali Rowland, msodzi wa malaya abuluu.

"Iwe Enid, tsaya lakoli limatsamira phewa la yani?" anafunsa amayi ake.

Miyezi isanu ndi umodzi Enid anali atasunga dzinalo, ngakhale kwa mng'ono wake.

Benchi inalira. Rowland anaima pakhomo, dzanja la malaya litapindidwa mpaka paphewa. Anavula chipewa nanjuta.

"Amayi, amalume anga abwera kwanu Loweruka."

Amayiwo anamuyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumapazi mpaka pabalapo.

"Ukawauze abwere," anatero akumanga bwino chitenje. "Koma mpaka Lowerukalo, phewa limenelo likhale m'malaya."