Njinga Itasiya Kusokosa

"Ndani ameneyo?" anafunsa amayi ali pakhonde, maso awo osaonawo ataloza kumsewu.

Ine, Jeremiah Mphande! Mwini magolosale ku Chintheche, munthu amene ndinafika ku Mbeya ndi ku Tete pa njinga yamoto yomweyi, ndifunsidwe dzina pakhomo pobadwira?

Wolakwa anali Happy, makaniko wa ku Kande. M'mawa anamvetsera injini ikuti khwechekhweche, n'kupukusa mutu. "Ada, tenshona yatha, sikukunganso tcheni cha m'kati. Mukapanda kusintha, tcheni chilumpha, injini ifera panjira." Ndinasintha, phokoso lonse linatheratu.

"Ndine, ama."

"Bodza. Mwana wanga ndimamumva akadali kumlatho, n'kuyamba kuseka ndekha. Lero sindinaseke."

Ndinatola chitini cha mkaka, n'kuponyamo tenshona yakale ija, n'kuchimangirira kumbuyo kwa njinga ndi waya. Ndinabwerera mpaka kumlatho, n'kubweranso, khwechekhweche m'mudzi wathu wonse wa Tukombo.

Ndinawapeza ataimirira, atagwira nsanamira, akuseka mpaka misozi.

"Jeremiah, mwana wanga! Bwana wamkulu iwe, njingayi osakaikonzetsa bwanji?"