Benchi ya Oonera

"Kodi muno alipo wina amene walimaliza bukuli, kupatula ine?" anafunsa a Tcheya.

Mphunzitsi, yemwe analinso mlembi wa gulu, anayang'ana zikhadabo zake. Wamagetsi anasisita kapepala kamene kanakhazikika patsamba 212 la buku lake kwa masabata awiri. A Tcheya anamwetulira kuseri kwa magalasi awo akuda. Ankalikonda bata lotere.

Gululi linkakumana Loweruka masana m'kachipinda ka kuseri kwa laibulale, momwe ankasungiramo mipando yothyoka ndi mapu akale. Ankawerenga nkhani za m'tsogolo zokhazokha: maloboti, zombo za m'mlengalenga, mayiko ozungulira dzuwa lina. Malamulo anali awiri, onse opangidwa ndi a Tcheya. Loyamba, kusuzumira tsamba lomaliza ndi kuba. Lachiwiri, amene amangoonera mafilimu osawerenga akhale pa benchi yakumbuyo, pakamwa patseke.

Pa benchipo panatsala munthu mmodzi, akazi a Tcheya. Anzawo onse anatopa n'kusiya kubwera. Iwo sankajomba, chifukwa ndiwo ankayendetsa galimoto, kunyamula chikwama cha mabuku ndi kuthira tiyi. Polowa ankagwirana mkono ndi amuna awo ngati akwati adzulo, ndipo anthu ankati chikondi ndiye chimenecho. Mawu awo anali osasa chaka chonse. M'thumba mwawo simunkasowa timaswiti tapakhosi.

Buku la mwezi umenewo linali Nyenyezi Yopanda Doko, masamba mazana asanu ndi awiri. Filimu yake anaionera limodzi sabata yapitayo. A Tcheya anaionera atatsamira, mutu atapendeketsa, akuti zithunzi zenizeni zimakhala m'mutu mwa wowerenga.

"Anthu a filimu aja," anayamba, "atenga ng'ombe yonse n'kutibwezera nyanga. Mwaona okha. Kaputeni asiya mkazi wake pa siteshoni yapamwezi kuti aziyatsa nyali yolozera zombo. Iye apita osacheuka. Mayi uja zaka makumi awiri akuitana pa wailesi, palibe woyankha. Basi, filimu yatha. Ndi mathero amenewo?"

"Nanga m'buku?" anafunsa wamagetsi.

"M'buku kaputeni amatembenuza chombo! Afika, avula chisoti, agwada pafumbi, n'kunena kuti, 'Njira yonse ndinkaiona ndi nyali yako, koma sindinanenepo zikomo.'" A Tcheya anagunda pachikuto ndi chala. "Ine ndinalira, sindibisa. Amene analemba mzere umenewo amaudziwa mtima wa mwamuna."

Anthu anagwedeza mitu. Ena analemba mzerewo m'makope mwawo.

"Mathero a filimu aja ndi amene ali oona."

Mawuwo anachokera kumbuyo, osasa, otsika. Mitu yonse inatembenuka, kupatula wa a Tcheya.

"Mwamva? Benchi yayankhula," anatero a Tcheya. Ena anaseka. "Amayi, tisachititsane manyazi pagulu. Inu mukaona tsamba la buku mumaona pokulungira mtedza. Za kaputeni mungazidziwire kuti?"

Akazi awo anafutukula kaswiti n'kukaponya m'kamwa.

"Ndiye vuto la benchi limeneli," anapitiriza a Tcheya, atatenthedwa ndi kuseka kuja. "Ukaweta mbuzi pafupi ndi munda, tsiku lina imalowa. Ndikupempha kuti benchiyi lero tiichotse. Gulu lino likhale la owerenga okha. Oonera azikadikira panja. Ovomereza akweze manja. Mlembi, werengani."

Nthawi zonse wowerenga manja ankakhala mlembi. A Tcheya ankati wapampando sayenera kudziwa amene wamutsutsa.

A Tcheya anakweza dzanja. Anatsatira mkulu wina wa ku positi, kenako wamagetsi, theka lokha, ngati munthu woopa waya. Enawo anapinda manja pachifuwa.

"Atatu kwa atatu," anatero mphunzitsi, mpweya ukutsika. Kenako anayang'ana kumbuyo. "Pepani. Anayi."

"Wachinayi ndani?" anafunsa a Tcheya.

"Ndi mayi."

Dzanja la akazi a Tcheya linali m'mwamba, lowongoka kuposa ena onse.

A Tcheya anaseka, koma kusekako kunathera panjira. "Aa, mwaona? Ngakhale eni ake avomera."

Mayiwo anadzuka. Anathira tiyi wotsala mu fulasiki, n'kuika kapu patsogolo pa amuna awo, chogwirira chikukhudza zala, monga ankachitira masiku onse. Kenako anatenga buku lija patebulo, analitsegula kumapeto, n'kulikankhira kwa mphunzitsi.

"Lero ibani, achemwali. Mokweza."

Mphunzitsi anayang'ana a Tcheya, kenako tsambalo. Anawerenga mizere itatu yomaliza. Nyali inali chiyakire. Wailesi inali zii. Chombo sichinatembenuke. Anatembenuza tsamba kufuna pogwada paja, anapeza pepala loyera ndi chidindo cha laibulale.

"Ayi," anatero a Tcheya. "Mwalumpha. Amayi, auzeni pamene pali..." Anadziluma lilime, koma mochedwa.

Matenda a shuga anawazimitsa maso a Tcheya zaka zinayi zapitazo, ndipo gulu silinadziwe. Buku lililonse limene ankadzitama nalo linadutsa pakhosi pa akazi awo, amene ankawawerengera mokweza kunyumba, tsamba ndi tsamba. Zikomo wa kaputeni uja sanali patsamba lililonse. Mayiwo anachita kumupeka okha, n'kumuwerenga chala chili papepala loyera, kuyesa ngati amuna awo angamve.

Anatseka fulasiki, nanyamula chikwama.

"Galimoto ili panja, bambo, mukandipeza komweko. Buku la mwezi wamawa ndalibweza kale. Ine kuwerenga ndasiya."