Chigoba Chopanda Minga

"Make mwana, tabwerani! Ndatulukira mtundu watsopano!" anakuwa pulofesa, diso lili pa maikulosikopu.

Patebulo panali chigoba cha tizilombo tam'nyanja, choyera, chanthambi ngati kamtengo. Mitundu ya tizilomboti amaisiyanitsa poona timabowo ndi timinga ta pachigobapo.

"Timabowo tilipo, koma minga ayi! Chasalala ngati dazi langali. Anzanga onse ndawaimbira kale. Ndichitcha dzina lanu, dziko likudziweni."

Mkazi wake anasuzumira pakhonde, pomwe mayi ake ankawodzera mwamtendere. Chibwerereni pakhomopo mayiwo ankangodandaula za msana woyabwa, mpaka dzulo pamene mkaziyo anawapezerera akudzikanda ndi chigobacho.

"Muchitche dzina la apongozi anu," anatero mkaziyo. "Iwowa ndiye achikhetsera thukuta."