Mbuzi za Aneba

Piritsi linali kale m'dzanja la a Mailesi pamene amuna awo anayamba kugwedeza chitseko. Chiyambireni matenda oiwalaiwala, a Ezekiele ankatero dzuwa likangopendeka: kukalipa, kufuna kutuluka. Akamwa piritsilo ankagona ngati chipika, osazindikiranso munthu.

"Kodi amafuna kupita kuti?" anafunsa Prisca, namwino wa ku Dambe amene anabwera kudzaona za mankhwalawo.

"Kukatsekera mbuzi, mwanangu. Koma mbuzizo tinagulitsa kalekale."

"Nanga aneba alibe? Piritsilo lidikire kaye, agogo. Zikayenda, tidzalichepetsa pang'onopang'ono."

A Mailesi anatsekula chitseko, amuna awo n'kutuluka.

Mbuzi za aneba zinkatsika phiri. Nkhalamba ija inaimba mluzu, n'kuzikusa bwinobwino mpaka m'khola, n'kupiringidza mitengo yapakhomo monga kale. Mwini khola anangoima pambali, akumwetulira.

Kenako a Ezekiele anatembenuka n'kuwayang'anitsitsa akazi awo. Mawu anatuluka ofewa, ndi dzina limene a Mailesi anali atasiya kuliyembekeza.

"Amake Eliness, mwaimiranji pamphepo opanda juzi? Tiyeni kunyumba."