Kiyi M'manja mwa Apongozi

"Madzi alowa m'masilinda," anatero makaniko ataunika injini ya galimoto. "Bola ngati simunailizenso itazima m'madzimo. Tingochotsa mapulagi, madzi atuluke, idzuka."

Koma mkamwini anali atachita kale zomwezo. Galimotoyi anabwereka kwa apongozi ake, ndipo itamuzimira pakati pa chithaphwi, anailiza mobwerezabwereza mpaka china chake chinalira kuti khwa! m'kati.

Posakhalitsa apongoziwo anatulukira, thukuta lili kamukamu. Munthu asanawaletse, analanda kiyi n'kupotokola. Injini inangoti gu! basi.

"Mayo ine, bambo, mwaithyola!" anakuwa makaniko.

Mkuluyo anagwira mutu, kenako anatembenukira kwa mkamwini wake.

"Musadandaule, mwananga. Inu munaisamala, ndaipha ndekha ndi phuma langali."

Mkamwini anangoyang'ana pansi, apongozi n'kumayesa ndi ulemu.